Mpweya wa Sabina Munnelly

Lachiwiri, 14 Okutobala 1952

Andigoneka pabedi la pafupi ndi zenera. Kopeli ndapempha kwa a Sisitere Ita, amene amayang'anira chipinda cha amayi, chifukwa akuti ntchito ya pano ndi imodzi basi, kugona chagada, ndipo manja angawa sanazolowere kukhala chabe. Ndine Sabina Munnelly wa ku Carrowbeg, zaka 39, wokwatiwa, wopanda mwana. Lero lonse ndakhala ndikuyankha zomwezi, ndiye ndati ndizilembe kamodzi zithe.

Amuna anga, a Festy, andiperekeza pabasi mpaka pageti. Mayi wina m'basimo atafunsa kumene tikupita, iwo anati kukaona achibale. Kwathu chifuwa chachikulu sachitchula dzina. Amangoti uje ndi wofooka, n'kuyang'ana kumbali.

Kutentha kwa thupi 101, pomwe kwa munthu wathanzi kumakhala 98. Pasikelo mapaundi 104. Andipatsa kachitini kachivindikiro kolavuliramo.

Lachinayi, 16 Okutobala

Mazenera satseka, ngakhale mvula izichita kuwaza mkati. Akuti mphepo ndi mankhwala. Zikanakhala zoona, ife a ku Carrowbeg sitikanadwala ndi mmodzi yemwe.

M'mawa amatidzutsa ndi kagalasi koyezera kutentha, kenako phala, kenako kugona. Masana kuli nthawi ya chete, osayankhula, osawerenga, osaluka.

Bedi loyandikana ndi langa ndi la a Delia Gaughan, mayi wa kuchilumba, chaka chachiwiri ali muno. Aonda ngati ndodo koma pakamwa pokha sipanadwale. Atangomva dzina langa anadzuka n'kutsamira chigongono, nati, "Si inu a Sabina a m'kamwa aja? Mng'ono wanga anabwera ndi mwana kwa inu pabulu." Ndinavomera. Anati ndiye chipinda chino chalemera, chapeza sing'anga wakewake, kungoti sing'angayo wabwera ndi kachitini kake.

Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira.

Loweruka, 18 Okutobala

Popeza a Delia andifunsa zonse, ndilembe momwe ndawauzira.

Bambo anga anamira ndi bwato mayi ali ndi pakati pa ine. Mwana amene sanaonepo nkhope ya bambo ake amabadwa ndi mphatso ya m'kamwa, aliyense kwathu amadziwa zimenezo. Khanda likachita zilonda zoyera palilime n'kumakana bere, amabwera nalo kwa iye m'mawa, masiku atatu otsatizana, iye asanalawe kanthu. Amatsegula kakamwa ka mwanayo n'kuuziramo mpweya katatu, m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Basi. Salandira kanthu, ngakhale zikomo, chifukwa zikomo amathawitsa mphatsoyo. Ndiponso saloledwa kukana munthu.

Ndinayamba ndili wamng'ono moti ankachita kundikweza pampando kuti ndifikire mwana ali m'manja mwa mayi ake. Chiyambire pamenepo sindinadyepo m'mawa ndisanasuzumire kumsewu. Ana Mulungu sanandipatse, koma m'parishi mwathu nyumba ndi zochepa zimene khanda lake sindinalinyamule.

A Delia akuti mankhwala onse a dziko lino anawayesera pa iwo. Nkhono zoviika m'shuga, mafuta a tsekwe pachifuwa n'kuphimba ndi pepala, mkaka wa mbuzi, adyo m'masokosi. Ali mwana chitawagwira chifuwa chokoka mtima, anawadutsitsa kunsi kwa bulu katatu. Akuti anathandizika ndi bulu uja, anakalamba osatsokomolako.

Lolemba, 20 Okutobala

Adokotala Heneghan andionetsa chithunzi cha chifuwa changa atachikweza pazenera. Phapo la kumanja, cha kumtunda, lili ndi bowo ngati dzira la njiwa. M'makhololo muli tizilombo tambiri. Ndiyamba jakisoni wa sitireputomaisini tsiku lililonse, ndi mankhwala akumwa otchedwa PAS kanayi pa tsiku. Akuti zaka zochepa zapitazo sakanakhala ndi chondipatsa koma mphepo yomweyi.

Kenako anafunsa za kunyumba, amene timakhala nawo, ndiponso ngati pali ana amene amabwera pafupi nane. Ndinati ana ndilibe. A Delia, amene khutu lawo silipuma, anayankhira ali pabedi pawo kuti ana anga ndi parishi yonse. Ndiye ndinafotokoza, monga ndikanafotokozera aliyense, mwinanso ndi kakunyada pang'ono.

Adokotala sanaseke, sanandikalipirenso. Anakhala m'mphepete mwa bedi, chinthu chimene akuti sachita, n'kundifunsa kuti ndinayamba liti kutsokomola. Ndinati cha mu Meyi.

"Kuyambira Meyi mwauzira ana angati, mayi Munnelly?"

Ndinali nditamva kale asananene, koma anandiuzabe pang'onopang'ono, kuti tizilomboti timayenda ndi mpweya, ndipo khanda lilibe mphamvu zolimbana nato. Akufuna maina kuti anesi a kwathu akawaone anawo. Ndinati ndiganize kaye. Anati ndiganize, koma ndisachedwe.

Jakisoni woyamba, thako la kumanzere.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Alipo anayi. Atatu ndi a mu Juni, ndikadali ndi mphamvu zanga. Wachinayi ndi Colm, mwana wa Honor Padden, mu Ogasiti.

Honor ndi mwamuna wake Malachy anabereka atsikana atatu, Colm ndiye mnyamata woyamba. Anabwera naye ali wa masabata ochepa, atam'kulunga m'juzi ya bambo ake. Tsiku lachiwiri chifuwa chinandigwira pakhomo pomwepo ndisanam'tenge. Honor anati, "Chifuwa chimenecho, a Sabina." Ine ndinati ndi fumbi la udzu, poti inali nthawi yomweta. Iye anavomera ndi mutu, ine ndinapukuta pakamwa n'kum'landira mwanayo. Zilonda zinapola Lamulungu lisanafike.

Njinga ya anesi ikatsamira pakhoma la nyumba ya munthu, pofika madzulo mudzi wonse wadziwa. Mkaka ndi mazira a nyumba imeneyo anthu amasiya kugula. Ana ake aakazi akadzakula, anyamata amawalambalala. Honor ali nawo atatu. Ndinawauza a Delia zimenezi, kuti ndikatchula maina ndiye kuti ndaipitsa mbiri ya mabanja anayi amene anabwera kwa ine akundikhulupirira.

Anati, "Mukuopa kuti akukwiyirani? Akwiye ali ndi mwana wamoyo m'manja."

Mainawo ndawapatsa a Sisitere nthawi ya tiyi.

Lamulungu, 26 Okutobala

A Festy abwera. Alendo amaima kumapazi a bedi, saloledwa kukhalapo. Abweretsa buledi wophika Attracta, mlongo wawo, bata, mazira okulunga m'nyuzi, ndi mabotolo awiri. Lina ndi madzi a kuchitsime choyera, lina ndi mkaka wowiritsa ndi masamba aubweya aja omera pakhoma la tchalitchi chakale. A Sisitere ananunkhiza, nati ndimwe ndikafuna, bola PAS ndisasiye.

Nkhope yawo inali yakugwa. Anesi afika kale m'nyumba zinayi zija. Potuluka m'misa Malachy Padden anawadutsa ngati sawadziwa, anthu opalasa bwato limodzi. A Festy anandifunsa chamunsimunsi chifukwa chimene ndinatchulira maina, poti ndikanangokhala chete. A Sisitere anali pafupi, komanso mpweya unali utandithera.

Kenako anandiuza china. Anthu akuti zonsezi ndi mtengo waminga uja unali wokhawokha pakati pa munda wathu, pafupi ndi chitunda cha anthu aja osatchulidwa, mizimu yokhala pansi pa nthaka. A Festy anaudula mu Epulo chifukwa unkakola pulawo. Attracta anawaletsa, inenso ndinawaletsa. Tsopano akuti eni mtengo anabwezera pa ine, anatenga mpweya wanga wabwino n'kundisiyira wowola. Ndinawafunsa ngati iwo akukhulupirira zimenezo. Anazunguza chipewa m'manja, nati adzala kale kamtengo kena pamalo pomwepo.

Mkaka uja ndamwa. Ukuwawa pang'ono.

Lachitatu, 5 Novembala

PAS akundipatsa nseru tsiku lonse. Kutentha 102. Matako onse alimba ngati mbatatesi zosapsa, a Sisitere amachita kufunafuna pobaya.

Loweruka, 8 Novembala

Magazi m'mawa, theka la kapu. Andiletsa kuyankhula ndi kudzuka. Akundipatsa timadzi toundana kuti ndizimung'unya.

Lachiwiri, 11 Novembala

Magazi aleka. A Delia akucheza m'malo mwa tonse awiri, amandifunsa n'kudziyankha okha, nthawi zina mpaka kukangana.

Lachisanu, 14 Novembala

Adokotala anadikira kuti ndikhaleko bwino kuti andiuze. Ana atatu a mu Juni alibe kanthu. Colm am'peza nacho chifuwa chachikulu. Anayamba kutentha thupi, kusanza, kenako khosi linauma. Apita naye ku Dublin, kuchipatala cha ana. Akum'baya mankhwala omwe akundibaya ine, koma iye ena amam'baya pamsana. Ndinafunsa ngati akhala moyo. Anati kale ana otere sankachira ndi mmodzi yemwe, tsopano ena amachira.

Sindilemba zambiri lero.

Lolemba, 17 Novembala

Pali china chimene adokotala ananena Lachisanu koma mutu wanga sunagwire, lero andibwerezera. Anesi atalowa kwa a Padden anamva chifuwa pabedi la pafupi ndi moto. Ndi a Thady, bambo ake a Malachy. Akhala akutsokomola zaka, banja lonse likuti ndi fodya wa m'kaliwo. Awayeza, ali nacho, ndipo awagoneka m'chipatala momwe muno, kuchipinda cha abambo. Honor akapita kumunda, mwana ankam'siya pamiyendo pawo tsiku lonse.

Ndinafunsa kuti ndiye anam'patsira mwanayo ndani, iwowo kapena ine. Anati palibe makina amene angayankhe zimenezo. Ndinati nanga iwo monga dokotala akuganiza bwanji. Anati sakudziwa, ndipo sangandinamize kuti ndigone tulo.

A Delia akuti ndipumeko, mlandu wagawika pawiri. Ine sindikuona kupepuka kulikonse. Mwanayo ndi mmodzi.

Lamulungu, 30 Novembala

A Festy sanabwere, ng'ombe ikufuna kuswa. Ansembe anadutsa ndi Ukaristiya. Ndinawafunsa ngati mphatso ingachoke kwa Mulungu n'kupha mwana. Ndi achinyamata, okulira m'tauni. Anati Mpingo sunaphunzitsepo zouzira ana m'kamwa, ndipo chimene ndinachita mosadziwa si tchimo.

Za tchimo sindinafunse. Ndimafunsa za ana onse aja amene anachira. Anachira ndithu, ndinawaona ndi maso anga, Lolemba kakamwa kali mbee, Lachisanu kakuyamwa. Adokotala akuti zilonda zimenezi nthawi zambiri zimapola zokha. Ngati ndi choncho, zaka makumi atatu zonsezi ndinkakhala ndi njala m'mawa kuti ndichite chiyani? Ndikati mphatso inalipo, ndimadabwa kuti bwanji sinam'tchinjirize Colm. Ndikati panalibe, ndimakumbukira amayi aja momwe ankafikira, maso ali psuu ndi kusagona, ndi momwe ankabwererera mtima uli m'malo, ena akuimba ali pabulu. Chimenechonso sichinali chabe.

100. Pasikelo 101.

Lachinayi, 25 Disembala

Khirisimasi. Atiphikira tsekwe, ndipo amayi ena a m'tauni atibweretsera malalanje, n'kuwasiya pakhomo osalowa.

A Festy anabwera dzulo. Akuti Colm akadali moyo. Honor anapita kamodzi ku Dublin, anamuonera pagalasi, mwana sanam'zindikire. Wamva ndi Attracta kuchitsime, poti kwa a Padden iwo sapondako.

A Delia sakudya. Mawu asasa, matenda afika pakhosi. Madzulo anandinong'oneza kuti popeza zonse zakanika, ndiwauzireko m'kamwa, tizilombo tanga tikamenyane ndi tawo, mwina tiphana. Kuseka kumawapweteka koma saleka.

Lachiwiri, 13 Januwale 1953

A Delia awasamutsira m'kachipinda ka kumapeto. Tonse tikudziwa ntchito ya kachipinda kameneko. Akuwakankha pabedi lawo anatiuza kuti tisawachitire nsanje, chipinda chaokha anachipempha kalekale.

Makutu anga ayamba kulira ngati muli njuchi. Jakisoni achepetsa, tsopano kawiri pa sabata.

Loweruka, 17 Januwale

A Delia amwalira dzulo masana.

A Sisitere Ita powasambitsa anapeza kathumba kosokerera mumpendero wa diresi yawo yogonera. Munali dothi la pamanda a wansembe wina wa kwawo, amene anthu amati amachiza chifuwa. Munthu woseka mankhwala onse uja. Diresi ikamapita kochapa ankakatula kathumbako n'kukasokera m'inzake, miyezi yonseyi ine ndili pambali pawo osaona. A Sisitere anakabwezera pamalo pake, a Delia apita nako.

Bedi alitsuka, matiresi apita nawo kukafukiza. M'chipinda muli zii.

Loweruka, 31 Januwale

Mawa ndi tsiku la Brigita Woyera. Dzuwa litapendeka amayi amene amatha kudzuka anamangirira timaliboni ndi tinsalu pachitsulo cha pakhonde, kuti woyerayo akamadutsa atidalitse, tizimanga pakhosi ndi pamutu chaka chonse. Ine sindiloledwa kuponda pansi, ndiye anzanga anditengera. Ndinapereka tiwiri, kena kanga, kena ka Colm. A Sisitere anati iwo sakuona kanthu. Koma pakati pa tinsalu tathu pali kampango koyera kosita bwino kamene si ka wodwala aliyense.

Lamulungu, 15 Febuluwale

Kaliboni ka Colm ndinawapatsira a Festy sabata yatha, a Sisitere atakaphika kaye m'madzi owira. Abwera nako lero. Malachy anawaimitsa panja n'kuwauza kuti chochokera m'nyumba mwathu chisadzalowenso m'nyumba mwake. A Festy anandipatsa kali kopindapinda, osanena zambiri. Akalamba nyengo yachisanu ino, ndipo malaya awo alibe mabatani awiri.

99. Pasikelo 107. Tizilombo tachepa m'makhololo.

Lamulungu, 15 Malichi

Masiku ano amatitulutsa pakhonde ndi mabedi omwe. Nthawi ya alendo, a Festy atangochoka, kunabwera mtsikana kudzera cha kumaluwa, osati kukhomo. Zaka zake sizikupitirira makumi awiri, atafunda chofunda chakuda ngakhale kunali kadzuwa. Anafunsa bedi ndi bedi mpaka anandipeza. Anati ndi Winnie Lavelle wa kuseri kwa phiri, anapita ku Carrowbeg n'kupeza kulibe, anthu anam'lozera kuno. Kenako anatsegula chofunda. Munali khanda. Ana saloledwa ngakhale kulowa pageti pano.

Sindinachite kufunsa. Milomo inali youma, kalilime koyera ngati wamwa mkaka wosasa. Sakuyamwa chiyambire Lachinayi.

Manja anga anali atanyamuka kale okha. Ndinawabweza, kuwalowetsa m'bulangete, n'kukoka nsalu kutseka pakamwa. Ndinamuuza kuti abwerere m'mbuyo. Iye anasendera pafupi. Anati akudziwa chimene ndikudwala, koma mpweya wa mphatso sungatenge imfa, ndi wina umenewo, si womwe munthu amatsokomola. Ndinamuuza za Colm. Anati anamva, koma anthu akuti ndi agogo ake aja. Ndinati mwina.

"Inenso munandiuzira ndili khanda, amayi anandiuza. Si ine ndaima pano?"

Ndinam'yang'ana, ndipo ndinakumbukiradi mayi wa kuseri kwa phiri amene anabwera kukugwa matalala, ine ndisanakwatiwe.

"Simuloledwa kukana, mayi."

"Ndikudziwa, mwanawe. Koma ndakana."

Ndinaitana a Sisitere. Anabwera, anaona mwana, sanakalipe. Anakatenga kabotolo ka jivi, nati azim'paka palilime ndi thonje m'mawa ndi madzulo, ndipo ngati pofika Lachiwiri sakuyamwabe apite naye kwa anesi. Winnie anangoyang'ana kabotoloko osakalandira. Anafunditsa mwana wake, n'kundiuza kuti Mulungu anandipatsa kwaulere, ine ndatsekera m'kabati. Ananena osakweza mawu. A Sisitere anam'tsatira mpaka pageti n'kum'kankhira kabotolo m'thumba. Sakudziwa ngati akam'paka kapena akakataya m'ngalande.

Ku Ballycroy kuli bambo wina, nayenso sanaone bambo ake. Ndikudziwa kuti apita kumeneko. Mulungu achite kuti chifuwa cha bamboyo chikhale chabwino.

Kukana munthu ndayamba lero.

Lachinayi, 9 Epulo

Makhololo alibe tizilombo, kachiwiri motsatizana. Bowo lija latsala ngati nyemba. Pasikelo 115. Andilola kuyenda mpaka kumapeto kwa khonde, sabata ya mawa kumaluwa. Miyendo ili ngati ya mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene.

Adokotala akuti zikapitirira chonchi ndingapite kwathu isanafike nthawi yokumba mbatatesi. Ndikakhale ndi kapu yangayanga, ndizikabwera kudzajambulitsa chifuwa, ndipo zouzira ana zatha mpaka kalekale, chifukwa tizilomboti timatha kugona zaka n'kudzukanso. Ndinati ndinasiya kale. Anafunsa kuti nanga anthu akamabwerabe pakhomo ndizidzatani. Ndinati azidzandipeza ndikutafuna, mphatso siigwira munthu atadya. Anaseka, koyamba chibwerere ine pano.

Za Winnie sitinamve kanthu.

Lachiwiri, 21 Epulo

Poyenda kumaluwa ndinakafika moyang'anizana ndi khonde la abambo. A Thady Padden ali pabedi la pangodya. Ndinawadziwira chipewa, chifukwa nkhope yatha. Anandiona nawonso. Malamulo satilola kuwoloka kanjira ka pakati, ndipo kufuula tonse tilibe mpweya wake. Tinangoyang'anizana. Ndinkaganiza kuti atembenukira kukhoma, koma anakweza dzanja n'kugwira mlomo wa chipewa monga ankachitira tikakumana popita ku misa. Ine ndinawerama mutu.

Miyezi yonseyi ndakhala ndikupemphera mobisa kuti amene anam'patsira Colm akhale iwowo. Lero ndaona kuti iwonso akugona ndi funso lomwelo, ndipo kwa iwo mwanayo ndi mdzukulu wawo.

Lamulungu, 17 Meyi

A Festy atafika sanavule n'chipewa chomwe. Anati ndivale jekete, kuli munthu kumpanda, kuseri kwa nyumba yochapira. Anakwera naye basi imodzi, iye kutsogolo, iwo kumbuyo, koma potsika anawagwira mkono n'kuwatuma.

Ndinapita nditatseka pakamwa ndi kampango. Anali Honor, kunja kwa mpanda, Colm ali m'chiuno mwake.

Anabwera naye kuchokera ku Dublin sabata yatha. Ndi wowonda, tsitsi analimeta, mutu ukuoneka waukulu, koma maso ali gwaa ndipo wagwira chala cha mayi ake zolimba. Honor anati amabwera kudzaonetsa mwanayo kwa agogo ake chapatali, poti adokotala akuti a Thady safika nthawi yomweta. Malachy akudziwa za ulendo umenewo wokha, za mbali ino ya mpanda sakudziwa.

Ndinaima patali ndithu. Ndinangoti Mulungu alemekezeke kuti ali moyo. Honor anam'tembenuza mwana kuti ayang'ane kumsewu, n'kuika pakamwa kuseri kwa khutu lake, n'kuitana dzina lake mokweza moti mbalame zinauluka mumpandamo. Colm sanacheuke. Ankayang'ana kavalo wodutsa.

Akuti samva mpang'ono pomwe. Madokotala sakudziwa ngati ndi matenda aja kapena jakisoni yemwe anam'pulumutsa.

Ndinayamba kunena kena kake, sindikumbukira kuti chiyani, koma Honor anandidula. Anati iye wakhala akuganiza nyengo yonse yachisanu. Chifuwa cha apongozi ake ankachimva tsiku ndi tsiku, changa anachimva pakhomo panga, ndipo konse kuwiri mwana anam'pereka ndi manja ake. Malachy anasankha munthu mmodzi woti adane naye, zikum'thandiza kudzuka m'mawa. Iye akati ayambe kudana ndi anthu, ndiye kuti ndi atatu, kuphatikizapo iye mwini, ndipo mphamvu zimenezo alibe, ali ndi ana anayi oti awasamale.

Anam'tembenuzanso Colm, n'kuyang'ana kuno. Mwana anandiyang'ana pang'ono, kenako n'kuyamba kuseweretsa batani la mayi ake.

"Chotsani kansaluko, a Sabina. Muli patali, ndipo akuti mulibenso kanthu. Iyeyu amayang'ana pakamwa. Akapanda kuona pakamwa sadziwa kuti pali munthu akum'yankhula."

Dzanja linkakana. Ndinacheuka kuyang'ana a Festy, iwo maso anali pansi. Ndinachotsa.

Ndinati, Colm. Mawu anatuluka osamveka bwino, koma iye za mawu alibe nazo ntchito. Anasiya batani, n'kuyang'anitsitsa milomo yanga. Ndinabwereza pang'onopang'ono. Anatsegula kakamwa kake, kutseka, kutsegulanso. Mano awiri am'munsi atuluka.

Honor anam'kweza pang'ono kuti aone bwino, nati ndinenenso.

Ndinanena mpaka belu la tiyi linalira.